Galu Wakuda wa Papepala

Zaka zingapo zapitazo bungwe lina linandipatsa ntchito yomasulira kabuku ka makatuni kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Kanali kakang'ono, masamba 12 okha, ndipo mawu ake anali ochepa moti ndinadziuza kuti pofika madzulo ndikhala nditamaliza. Nkhani yake inali ya bambo wina wodwala matenda amene m'Chingerezi amati depression. Wojambula anayesetsa kuti zonse zioneke zakwathu: nyumba ya udzu, khasu, mphasa. Matendawo anawasonyeza ngati galu wamkulu wakuda. Galuyo ankatsatira bamboyo kulikonse, kumugonera pachifuwa usiku, kumutsekera khomo m'mawa, kulowetsa mphuno m'mbale yake ya nsima, kukhala pakati pa iye ndi mkazi wake.

Fanizoli sanaliyambe ndi wojambulayo. Kumayiko olankhula Chingerezi n'lakalekale, ndipo Winston Churchill ankalitchula ponena za masiku ake amdima. Linafalikira kwambiri ndi buku la zithunzi la Matthew Johnstone la mu 2005, lotchedwa I Had a Black Dog, lomwe mu 2012 bungwe la WHO linathandiza kulisandutsa kanema wamfupi wa pa intaneti. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo kudziwako n'kumene kunandiphimba m'maso. Ndinalemba kuti "galu wakuda" osaima n'komwe, ine yemweyo amene ndinakula ndikumva agogo akunena, mvula ikadula msanga, kuti chaka chino galu wakuda watilowera m'mudzi. Kwathu galu wakuda ndi njala.

Tisanasindikize tinapita kukayesa kabukuko kwa amayi amene anabwera kusikelo ya ana pachipatala china chaching'ono chakumudzi. Tinakhala pansi pa mtengo, makope n'kukhala ochepa, iwo n'kumaonera awiriawiri, atatuatatu. Mkulu wa pulojekiti anafunsa kuti, "Amayi, nkhani imeneyi ndi ya chiyani?" Mayi wina wachikulire, amene anabwera ndi mdzukulu wake, sanachedwe kuyankha: "Ya njala." Anzake anavomereza, aliyense akuloza umboni wake. Taonani, sakudya. Taonani, dzuwa lakwera iye ali chigonere, khasu lili pakhoma. Mayi a m'nyumba nkhope yagwa. Panalibe kabokosi ngakhale kamodzi kotsutsa zimene ankanena.

Ndinachita manyazi. Mkulu uja anatsegula pakamwa kuti akonze, koma mayi wachikulire uja anali asanamalize. Anaika chala pa chithunzi cha bambo atakhala kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Koma uyu ndamudziwa." Anasimba za njala ya 2002, pamene anthu ankadya madeya ndi mizu yakutchire. Banja lawo linagulitsa mbuzi ndi njinga, ndipo mwana mmodzi anamwalira. "Chaka chinacho mvula inagwa, tinakolola. Galuyo m'nkhokwe anatuluka. Koma mwa abambo akwathu sanatulukemo." Kuyambira pamenepo, anatero, pamakhala miyezi imene amuna awo amangokhala kuseri kwa nyumba, osalankhula, osasamba, osapita ngakhale kumaliro. Abale ena amati ndi ulesi, ena amati anawalodza. Iwo anali asanauzepo munthu wakunja kwa banja.

Panakhala bata kwakanthawi. Kenako mtsikana wina wa khanda kumbuyo ananena za masabata amene anatsatira kuchira kwake, pamene mwana ankalira iye osamva chilichonse mumtima, n'kumaopa kuti ndi mfiti. Wina ananena za mlongo wake amene anabwerako ku Joni wopanda kanthu n'kudzitsekera m'nyumba. Tinabwera kudzafunsa ngati kabukuko kakumveka. Kanamveka mwa njira ina, ndipo amayiwo analankhula kupitirira ola lathunthu.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa kuti chinawamasula n'chiyani. Sindikhulupirira kuti anali mawu anga. Ntchito yanga ndi ya mawu, ndiye ndimadziwa pomwe amathera. Pa nkhani ya matenda a maganizo tili ndi liwu limodzi lamphamvu kwambiri, misala, ndipo likangotchulidwa kukambirana kumatha. Palibe mayi amene angavomere pamaso pa anzake a kuchigayo kuti mwamuna wake ndi wamisala. Mawu enawo ndi opepuka: munthu amakhumudwa timu yake ikagonja Loweruka, amakhala ndi nkhawa mwana akachedwa kuchokera kusukulu. "Matenda a muubongo" amanunkha chipatala, komanso amaopsa. Oyandikira kwambiri ndi amene anthu amanena okha popanda wowaphunzitsa: akuganiza kwambiri, maganizo amuchulukira, mtima wake suli m'malo. Anzathu olankhula Chishona amati kufungisisa, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo. Koma ngakhale ndi mawu abwinowa, funso loti "kodi inu mumaganiza kwambiri?" limafuna kuti munthu aulule za iye mwini, pagulu, kwa mlendo amene wabwera pagalimoto atanyamula kope ndi cholembera.

Chithunzi sichifunsa choncho. Chimaika munthu wachitatu pakati pa bwalo, munthu wa papepala amene alibe mfunda, alibe apongozi, sangachite manyazi. Aliyense angathe kumunena. Ndi nzeru yomwe ija ya nthano: pofuna kudzudzula dyera la munthu wamkulu timasimba za Fisi, ndipo mwini dyerayo amaseka nawo. Munthu amayamba ndi "uyu". Akaona kuti palibe amene wamuseka, amasendera pang'ono n'kunena kuti "uyu ndamudziwa". Ena amathera pomwepo, ndipo palibe wowakakamiza. Ena amafika pa "ine".

Makatuni ali ndi chinthu chinanso chimene chithunzi chimodzi chapakhoma chilibe, chomwe ndi kampata koyera ka pakati pa kabokosi ndi kanzake. Scott McCloud, m'buku lake la mu 1993 lotchedwa Understanding Comics, anafotokoza kuti wowerenga ndi amene amalumikiza nkhani m'kampata kameneka. M'kabokosi koyamba bambo wakhala pampando dzuwa lili kum'mawa, m'kachiwiri ali pomwepo dzuwa lili kumadzulo. Maola a pakatiwo palibe amene wawajambula. Wowerenga amawatapa m'moyo wake. Amene anaphikirapo munthu wotere nsima n'kukaichotsa itazizira osakhudzidwa amadziwa zimene zili m'kampatako kuposa wojambula. Ndipo sizifuna sukulu. Mwa amayi aja ena sankawerenga, koma pa zithunzi tonse tinali ofanana, mwinanso iwo anali patsogolo.

Komabe ndimakana mawu amene okonza mabuku amakonda, akuti chithunzi ndi chilankhulo chimene aliyense amamva. Galu uja anandiphunzitsa kuti chithunzi nachonso chili ndi kwawo. Chilinso ndi milandu yake. Taganizani za wamisala wa m'makatuni ndi m'zisudzo zathu: nsanza, tsitsi lodzaza fumbi, zitini m'chiuno, akutola zakudya kudzala. Tamujambula kambirimbiri kuti tiseke. Mphunzitsi amene watha miyezi iwiri osagona amayang'ana chithunzi chimenecho n'kunena kuti ine sindili choncho, ndiye kuti sindikudwala, n'kupitiriza kuvutika mwakachetechete. Makolo anati wamisala anaona nkhondo, potichenjeza kuti timumvere. Ife tinasunga nsanza zake n'kutaya chenjezolo. Nawo mabungwe a zolinga zabwino ali ndi chithunzi chawo chotopetsa: munthu m'chipinda chamdima, mutu uli m'manja, nkhope yobisika. Ku Britain kampeni ya Time to Change inapempha ofalitsa nkhani mu 2015 kuti asiye kudalira chithunzi chimenechi. Inkanena zoona. Masiku ambiri wovutika maganizo amaoneka ngati kondakitala akuitanira minibasi, kapena mayi akukazinga mandasi.

N'chifukwa chake mabuku amtunduwu amene ndimawakhulupirira kwambiri ndi a anthu amene anadzijambula okha. Ellen Forney wa ku America, mu Marbles la mu 2012, anajambula moyo wake atapezeka ndi matenda a bipolar, amene amakweza munthu kumwamba kenako n'kumugwetsa m'dzenje, komanso zaka zimene anatha akufunafuna mankhwala omuyanja. Darryl Cunningham wa ku England anagwirapo ntchito yosamalira odwala m'wodi ya matenda a maganizo, ndipo mu Psychiatric Tales la mu 2010 anajambula zimene anaona, kenako kumapeto n'kusimba za kuvutika kwa iye mwini. Dokotala wina wa ku Wales, Ian Williams, ndi amene mu 2007 anapatsa ntchito yamtunduwu dzina loti graphic medicine. Wodzijambula yekha amasankha kuti aoneke wonyansa mpaka pati, ndipo manyazi akabwera amagwera iye. Ife tikakhala muofesi mumzinda n'kumasankhira nkhope munthu wakumudzi, cholakwa chathu amachisenza ndi wina.

Pamene tinkakonza kabuku kathu, m'chipindamo munalibe aliyense amene anadwalapo matendawa. Kapena ndinene zoona: analipo mmodzi, koma anakhala chete. Pa nthawi imene ndinkachita maphunziro anga kunja ndinatha nyengo yonse yozizira ndikulephera kudzuka, ndikunama pafoni kwa amayi anga kuti zonse zili bwino. Galu ameneyu ndinakumana naye m'Chingerezi, ndinamutchula m'Chingerezi kwa dokotala wachizungu, ndipo m'Chichewa ndinali ndisanamutchulepo kwa munthu aliyense. N'kutheka kuti n'chifukwa chake sindinaime pomasulira. Mayi wosapita kusukulu ananena pansi pa mtengo zimene ine, wodya za mawu, ndinalephera kunena patebulo la msonkhano.

Pali zinanso zimene wojambula ayenera kuzisiya osajambula. Malangizo a WHO kwa ofalitsa nkhani amati pa nkhani ya kudzipha asamafotokoze njira imene munthu anagwiritsa ntchito, chifukwa wina amene ali kale m'mphepete angatengere. Ngati zili choncho ndi mawu, kuli bwanji chithunzi, chimene chimakakamira m'mutu. Ku Malawi palinso vuto lina. Gawo 229 la malamulo a milandu lakhala likunena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, moti munthu amene wapulumuka amatha kukumana ndi wapolisi asanakumane ndi namwino. Kabuku kongouza munthu kuti "lankhulani" osaganizira zimenezi kamamutuma ulendo kosamuuza za msewu.

Koma funso limene limandilemera kwambiri linabwera kumapeto kwa tsiku lija. Mkulu wa pulojekiti atafotokoza kuti galu wa m'kabukumo ndi matenda, ndipo kuti matendawo amachizika, mayi wachikulire uja anafunsa kuti, "Ndiye tipite nawo kuti?"

Tsamba lomaliza linkati pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Tinali titakhala pabwalo la chipatala chimenecho. Ku Malawi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndipo a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala othandizira amene anaphunzira za matendawa, koma ndi ochepa, ndipo kwa zaka zambiri madokotala akuluakulu a nthambi imeneyi m'dziko lonse ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Kwa mayi uja, kufika kuboma kunkafuna ndalama ya kabaza ndi minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, komanso kunyengerera mwamuna amene sapita ngakhale kumaliro. Tinamuuza tsiku limene namwino wa zamaganizo amapezeka kuchipatala chakuboma. Dzuwa litapendeka tinakwera galimoto.

Kodi tinachita bwino? Ndayesa kudzitsutsa mwachilungamo. Azachipatala ali ndi mfundo yakale, imene Wilson ndi Jungner analembera WHO mu 1968, yoti usamafufuze matenda mwa anthu ngati ulibe chithandizo chowapatsa ukawapeza. Kumasula chilonda ulibe bandeji n'kuitana ntchentche. Mayi uja anabwera ali ndi chinsinsi chimene anachisenza zaka zoposa khumi, ndipo anabwerera chinsinsicho chili m'makutu mwa amayi ena a m'midzi yoyandikana. Ife tinapeza zolemba mu lipoti, zoti kabukuko kanayambitsa kukambirana, mawu amene opereka ndalama amawakonda. Iye anapeza chiyani? Mawu akuti "kuyambitsa kukambirana" amandikayikitsa chifukwa amathera pa kuyambitsa. Amalola munthu kuyatsa moto n'kuchoka, n'kumati ntchito yagwirika.

Ngakhale zili choncho, sindifika pogwirizana ndi oti tikanangokhala chete. Chete amene tinamupeza kumeneko sanali wopanda mawu. Bambo uja anali kale ndi mayina awiri, waulesi ndi wolodzedwa, ndipo onsewa amaluma. Loyamba limamulanda ulemu, lachiwiri limasaka munthu womuloza chala, kawirikawiri nkhalamba ya pafupi. Dzina lachitatu, loti wodwala amene angachire, silichiza, koma limasintha mmene mbale ya nsima imaikidwira patsogolo pake. Komanso kunena kuti kumudzi kulibe chithandizo n'kuiwala anthu amene anakhala pansi pa mtengo paja. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anayambitsa ntchito ya Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza anthu a kufungisisa kusanthula mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya JAMA mu 2016 anasonyeza kuti anthu ambiri anapeza bwino, ndipo njirayi yayesedwanso ku Malawi. Koma tisanamizane. Agogo amenewa amaphunzitsidwa, amayang'aniridwa, amadziwa nthawi yotumiza munthu kwa dokotala, ndipo sabata yamawa amakhala ali pabenchi pomwepo. Kabuku kathu sabata yamawa sikakanabwera. Cholakwa chathu sichinali kujambula kapena kufunsa. Chinali chakuti bajeti yonse inali ya mapepala ndi mafuta a galimoto, ndipo panalibe mzere wa munthu wotsala.

Pali mfundo inanso imene ndinachedwa kuiona. Tonse tinkati amayi aja sanamve kabukuko. Koma kodi analakwitsa kwenikweni? Kabukuko kanaika galu m'mutu mwa munthu, iwo anamuika m'nkhokwe, ndipo mayi wachikulire uja anasonyeza njira imene galuyo amadutsa pochoka kumodzi kupita kwinako. Ofufuza akhala akupeza m'mayiko ambiri kuti umphawi ndi matenda a maganizo zimadyetsana: wosowa amadwala mosavuta, wodwala amasowa kwambiri. Kabuku kojambula za m'mutu zokha, kopanda ngongole ya katapila, kopanda mtengo wa feteleza, kopanda manda a mwana, kamauza wosauka kuti vuto lonse lili mwa iye. Kojambula njala yokha nakonso kamanama, chifukwa nkhokwe inadzaza koma bambo uja sanadzuke, ndipo ine ndinadwala ndili ndi chakudya m'firiji. Chithunzi cha galu, mwangozi, chinanyamula zonse ziwiri, chifukwa choti chinagwera m'chilankhulo chimene wojambula sankachidziwa.

Titabwerera ku ofesi tinatsutsana. Ine ndinati galuyo akhale, tingowonjezera tsamba limodzi losonyeza nkhokwe yodzaza galu akadali pakhomo. Anzanga anati uthenga wa zaumoyo suyenera kumveka paŵiri, ndipo mfundo yawo inali yomveka: si paliponse pamene padzakhale mayi wolimba mtima woyambitsa nkhani, ndipo wowerenga ali yekha angangoti ndi za njala n'kuyatsira moto. Anapambana. M'kabuku kamene kanasindikizidwa, bamboyo wasenza thumba lolemera limene silichoka pamutu ngakhale akagona. N'komveka bwino, palibe amene amasokonezeka. Kumapeto tinaonjezera malo opanda kanthu oti wazaumoyo wa m'deralo alembepo ndi dzanja dzina lake ndi tsiku limene amapezeka, ndipo pa zonse zimene ndinaumirira, chimenechi chokha ndi chimene chinadutsa.

Makope oyesera aja tinkayenera kuwatolera onse, poti anali asanavomerezedwe. Tikunyamuka, mayi wachikulire uja anakana kubweza lake. "Mwanawe, ndisiyire. Ndikawaonetse abambo akwathu. Sawerenga, koma aona." Mkulu wa pulojekiti anali atayang'ana kumbali akuwerengera makope. Ndinamuuza kuti limodzi lang'ambika. Mayiyo anapinda kabukuko kanayi, n'kukamangirira pansonga ya chitenje, pamene amamangirira ndalama.